Geni ya pa foni: katundu wina adzabwerera ndithu

Pansi pa zithunzi zambiri za malonda pa WhatsApp ndi Facebook pamakhala mawu amodzimodzi: katundu akagulidwa sabwezedwa. Mawuwa tinawazolowera m'mashopu a ku Limbe, olembedwa m'munsi mwa risiti kapena pakhoma kuseri kwa kauntala, ndipo achinyamata a kuno ku Neno amene ayamba geni ya pa foni angowatengera momwemo. Ndikuwauza lero kuti mawu amenewa sateteza mpamba wawo. Chowateteza n'kuwerengeratu, asanagulitse kanthu, kuti katundu wina adzabwerera, n'kudziwiratu chochita tsiku limenelo.

Za malamulo sindichulukitsa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act kuyambira 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana katundu wowonongeka pobisala kuseri kwa chikwangwani n'kulakwa. Lamulo latsopano la 2024 linapatsa bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa. Abale athu amene ali ku Joni akudziwa kuti kumeneko wogula ali ndi miyezi 6 yobwezera chinthu chimene chapezeka ndi vuto, ndipo ku mayiko a European Union wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 obwezera katundu wambiri ngakhale atangosintha maganizo. Kugula chinthu chimene sunachigwire n'kukhulupirira munthu, n'chifukwa chake mayiko amaikapo chitetezo chapadera.

Koma kunena zoona, mayi wa ku Ligowe amene walandira nsapato yothina sapita ku CFTC. Amapita pa gulu la WhatsApp la kumpingo, la makolo a kusukulu, la anzake a kuntchito. Neno ndi boma laling'ono. Linadulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo pa kalembera wa 2018 tinalipo anthu ongopitirira 138,000. Mwa amenewa, ogula diresi kapena foni pa chithunzi ndi ochepa kwambiri: aphunzitsi, anamwino a pachipatala cha boma ndi cha Lisungwi, apolisi, ogwira ntchito ku khonsolo ndi ku Abwenzi Pa Za Umoyo, ndi amalonda anzathu a pa Zalewa. Anthu amenewa amadziwana. Ukakangana ndi mmodzi chifukwa cha malaya ong'ambika m'khwapa, pofika Lamulungu ofesi yonse yamva, ndipo palibenso gulu lina la makasitomala limene ungathawireko.

Vuto lenileni la kuno ndi mtunda. Wogulitsa wa ku Ndirande akalakwitsa saizi amakwera minibasi imodzi n'kukasintha tsiku lomwelo. Kuno phukusi lochoka ku Blantyre limatsikira pa Zalewa kapena pa mphambano ya msewu wa ku Mwanza, kenako limadikira galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza yokwera mtunda, pa msewu umene anthu a Neno akhala akuudandaula kwa zaka zambiri. Nthawi ya dzinja lingathe kugona panjira. Aliyense amene waligwira amafuna yake: kondakitala, wa kabaza, ndiye pali ndalama yodula potumiza ndi potapa pa Airtel Money kapena Mpamba. Katundu akabwerera, ndalama zonsezi zimalipiridwa kawiri, ndipo akasinthidwa n'kutumizidwanso, katatu. Pa malaya otchipa, thiransipoti yokha ingathe kudya phindu lonse n'kuluma mpamba.

Apa m'pamene ndimamvera chisoni ogulitsa, chifukwa ambiri si akuba ayi. Amakana kubweza chifukwa ndalama ija anaidya kale, kapena anaodera katundu wina, kapena ndi ya ngongole ya ku banki mkhonde imene tsiku lake lobweza layandikira. Mantha ndi amene amawachititsa kuzimitsa foni kapena kumutsekera kasitomala. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinthu chimene unagulitsa mwezi watha sungachiodenso pa mtengo womwewo. Ndikumvetsa. Koma walira mvula walira matope. Wasankha kugulitsa kwa munthu amene sanayese nsapatoyo, ndiye kuti wavomeranso kuti tsiku lina idzamuthina.

Tiyerekeze kuti mwaoda nsapato 20, ndipo mwaona m'mbuyomu kuti pa 20 zilizonse imodzi imabwerera. Werengani ndalama yopita ndi yobwera ya nsapato imodziyo, muigawe pa zonse 20, muiwonjezere pa mtengo. Ndi kandalama kochepa pa nsapato iliyonse, koti wogula sangadandaule nako, koma kamafunika kukasunga padera, osakasakaniza ndi ya ndiwo. Kuti mudziwe kuti ndi imodzi pa 20 kapena zitatu, pamafunika kabuku. Lembani chilichonse chobwerera ndi chifukwa chake. Pakatha miyezi itatu kabukuko kadzakuuzani zimene mtima sukanakuuzani: kuti nsapato za kwa uje zimabwera zazing'ono kuposa nambala yake, kuti machaja a mtundu wakuti amafa sabata isanathe, kuti kondakitala wakuti amakhalitsa katoni pansi pa matumba a makala. Mukadziwa, mumasiya kuoda kumeneko.

Zambiri zobwerera zimayambira pa chithunzi. Wogulitsa kaunjika amatola chithunzi chokongola pa intaneti m'malo mojambula chovala chenicheni chimene chatuluka m'belo. Jambulani chomwecho, masana, panja, ndipo ngati pali banga kapena zipi yovuta, onetsani. Yezani chiuno ndi utali ndi tepi ya telala, chifukwa nambala za pa zovala za ku Ulaya, ku China ndi ku America sizifanana. Foni kapena nyali ya sola iyatseni pa kanema wamfupi musanaikulunge, mumutumizire wogula. Kanemayo amateteza nonse awiri.

Nkhani imasintha tikafika pa zokolola, ndipo kumeneku ndi kumene Neno ali ndi mwayi waukulu. Manachesi athu, mbatatesi ndi tirigu wa kumapiri a kwa Dambe zili ndi ozifuna m'tauni, ndipo ana a alimi ayamba kuzitsatsa pa foni m'malo modikira mavenda odzagula motchipa pamunda. Koma dengu la manachesi silibwerera. Likafika ku Blantyre ena ataphwanyika, kulibweza ku Neno n'kutaya ndalama ndi zipatso zomwe. Apa kubweza kumatanthauza kuchotsera mtengo kapena kuwonjezera pa ulendo wotsatira. Mlimi wanzeru amaikiratu basela wokwanira kuphimba zowonongeka panjira, amasankha zipatso zolimba, ndipo amagwirizana ndi wogula kuti ajambule dengulo pomwe walilandira, osati mawa lake. Chinthu chimodzi chimene ndimadana nacho ndi kuika zazikulu pamwamba, zazing'ono ndi zovunda pansi. Pamsika wa m'mbali mwa msewu wogula amadutsa n'kupita. Pa foni dzina lako ndi nambala yako zimatsala, ndipo amene wapusitsidwa sanena kuti uje wandibera, amati anthu a ku Neno ndi otero.

Sindikunena kuti wogula aliyense ndi wolungama. Alipo amene amaoda diresi Lachisanu, kukavina nayo ku ukwati Loweruka, Lolemba n'kunena kuti siyikuwakwana. Alipo oti phukusi lafika pa Zalewa, foni yawo osapezekanso, wa kabaza n'kumangozungulira nalo. Mankhwala ake si kukana aliyense, koma kunena malire poyera ndalama isanatumizidwe. Chinthu chikafika chowonongeka kapena chosiyana ndi chimene munagwirizana, vuto ndi la wogulitsa, abweze ndalama kapena asinthe, thiransipoti ikhale yake. Wogula akangosintha maganizo, abweze m'masiku amene munapangana, chovala chisanavalidwe kapena kuchapidwa, ndipo ulendowo alipire yekha. Kwa munthu wachilendo, pemphani dipoziti yokwana thiransipoti. Mawu amenewa akwana mu uthenga umodzi, ndipo wogula akayankha kuti wavomera, mkangano wa mawa wachepa kale. Ine ndimagula mosaopa kwa munthu amene wandiuziratu chimene adzachite zinthu zikalakwika, ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono.

Nanunso ogula, tsegulani phukusi wobweretsayo akadali pomwepo, ndipo vuto likapezeka yambani mwalankhula ndi wogulitsa musanamuyalutse pagulu. Ambiri mwa achinyamata ogulitsawa ayamba ndi mpamba wochepa kwambiri, ndipo uthenga umodzi waukali ungathe kugwetsa geni imene ikanakonzeka ndi kukambirana.

Pempho langa lomaliza lipite kwa amayi ndi abambo a m'magulu a banki mkhonde, kuyambira ku Matope mpaka ku Nsambe, chifukwa ndalama zambiri za geni yotereyi zimachokera kwa inu. Wina akabwera kudzakongola kuti akaode katundu wogulitsa pa foni, musangomufunsa za phindu lokha. Mufunseni kuti wapatula zingati za katundu wobwezedwa, ndipo ngati alibe yankho, muthandizeni kuwerengera musanamupatse ndalamayo.