Chipata cha St George's College Chinatsegukira Yani?

Anzanga, tikamakamba za sukulu za amishoni timakonda kungoyamikira basi. Ine maganizo anga ndi akuti mbiri ya sukulu izikambidwa yonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Tiyeni tione St George's College ya ku Harare, m'dziko la Zimbabwe.

Sukuluyi inayamba m'chaka cha 1896 ku Bulawayo. Anaiyambitsa ndi Bambo Marc Barthélemy, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti wochokera ku France, ndipo anayamba ndi anyamata 6 okha m'kanyumba ka malata. Malo atachepa, sukulu inasamukira ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, niyamba kuphunzitsa kumeneko mu 1927 pa Hartmann Hill. Dzinali ndi la Bambo Andrew Hartmann, amene anatsagana ndi atsamunda a Cecil Rhodes polowa m'dzikolo mu 1890.

Palibe angatsutse kuti ansembewa anagwira ntchito yotamandika. Koma kwa zaka zoposa 60 mwana wachikuda sankaloledwa kukhala pa desiki ya sukuluyi. Azigogo athu ambiri amene anachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito ku Salisbury ankaphikira azungu ndi kuwasamalira maluwa mumzinda womwewo, koma ana awo sakanalota n'komwe zolowa pachipatapo. Ana achikuda Ajezuwiti ankawaphunzitsa kwina: ku Kutama, komwe Robert Mugabe anaphunzira, ndiponso ku St Ignatius College ku Chishawasha, yomwe inatsegulidwa mu 1962. Mpingo umodzi, Misa imodzi, koma zipata ziwiri!

Ena adzati, "Nanga akanatani, poti boma ndi limene linkasankha anthu potengera khungu?" N'zoona, ndipo sindikufuna kuweruza akufa mopupuluma. Komatu m'zaka za m'ma 1960 sukuluyi inayamba kulandira ana achikuda, azungu akulamulabe. Boma la Ian Smith litakhwimitsa tsankho ndi lamulo la malo la mu 1969, maepiskopi analikana poyera, ndipo Ambuye Donal Lamont a ku Umtali anapirikitsidwa m'dzikolo mu 1977. Zimene zinatheka nthawi yovuta chonchi, zinalephereka bwanji kale lonse lija?

Chimene chikundivutitsa kwambiri si za makedzanazi ayi. Lero khungu silitsekanso chipata cha sukulu zotere. Chikutseka ndi fizi. Mwana wa mlonda kapena wa mayi wogulitsa tomato amangodutsa pamsewu n'kumasuzumira.

Ife muno m'seminale tikuphunzira chifukwa akhristu a m'midzi amasonkha chimanga, nyemba ndi kangachepe kawo. Abambo ndi makolo, ndikupempha kuti parishi iliyonse ikhale ndi thumba lolipirira ana anzeru koma osauka pa sekondale za Mpingo, ndipo kumapeto kwa chaka tiziuzidwa m'tchalitchi kuti thumbalo lalipirira ana angati.