MPHUNZITSI NDI NKHAFI ZACE ZIWIRI

Mwezi uno tifuna kuyankha dandaulo limene timalimva kawiri-kawiri pano pa Nkopola, lakuti ana a makono ali aphokoso m'sukulu cifukwa aphunzitsi anataya ndodo. Ife amene taima pamaso pa ana zaka zambiri taona kuti gwero la phokoso siliri mwa ana okha ai.

Kuyambira caka ca 1994, pamene Boma linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, ana acuruka ndithu, kotero kuti mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 akhoza kusunga ana oposa 100, ndipo phunziro lace liri la mphindi 30 zokha. Akataya mphindi 5 pofuna coko, ndi zina 5 pogawa mabuku, limodzi la magawo atatu a phunziro lapita. Ndipo m'mphindi zomwezo ndimo mubadwa kutsinana ndi kulandana mapensulo, pakuti mwana wosowa cocita adzipezera yekha.

Komanso kuthamanga si kufika. Ana ambiri a kuno ayankhula Ciyao kwao, nakumana ndi Cicewa ca m'buku pa sukulu. Mphunzitsi akafulumira, iwo atsala m'mbuyo, mtima nuthawira kugombe kumene anzao ali kuyanika usipa, ndipo mawa lace sabweranso.

Taonani asodzi awiri m'bwato pa nyengo ya mwera: wina akapalasa msanga, mnzace nazengereza, bwato lingozungulira pamodzimodzi. Momwemonso mwambo wa m'kalasi ndi mayendedwe a phunziro ndizo nkhafi ziwiri za mphunzitsi. Wanzeru alemberatu pa bolodi ana asanalowe. Asankha atsogoleri a magulu ogawa mabuku. Aphunzitsa cizindikiro cimodzi, monga kuomba m'manja katatu, kuti onse akhale cete. Afotokoza pang'ono, nafunsa, naimbitsa nyimbo ya mawerengo, nalembetsa. Wotsiriza msanga ampatsa samu ina. Popeza phunziro siliima, ana alibe mpata wopulupudza. Ndipo popeza ana ali cete, iye amva amene wasokonezeka, nabwereza pamene pabvuta.

Tsono inu akuru-akuru, gawo lanu nali. Mwana wofika mocedwa aimitsa kalasi lonse, ndipo wopanda pensulo alanda ya mnzace. Musamtume kukoka khoka usiku ngati m'mawa kuli sukulu, pakuti wogona tulo m'kalasi samva kanthu. Mdzutseni kukaca, mpatseni phala ndi pensulo, ndipo madzulo mfunseni cimene anaphunzira. Mukatero mwathandiza mphunzitsi koposa ndodo khumi.