Mzinda wa magalasi m'chipululu ukudikirabe mtengo wa mafuta

Pa 25 Sepitembala 2025, boma la Saudi Arabia lidalamula eni nyumba mumzinda wa Riyadh kuti asakwezenso lendi kwa zaka zisanu. Lamuloli, lomwe lidachokera kwa Kalonga Mohammed bin Salman, likukhudza nyumba zogonamo ndi zochitiramo malonda zomwe. Nkhaniyi siidamveke kutali monga zidamvekera zithunzi za The Line, mzinda wa makoma a magalasi womwe dzikolo lidalonjeza kumanga m'chipululu. Komatu pa nkhani ziwirizi, ya lendiyo ndiyo ikuloza pomwe pagona vuto la mizinda ya dziko lolemera ndi mafutali. Anthu akukhamukira kumene kuli ntchito lero, pomwe ndalama zankhaninkhani zathiridwa kumene anthu sadafikeko.

Nkhaniyi idayamba ndi mantha. Pakati pa chaka cha 2014, mgolo umodzi wa mafuta osayenga, womwe ndi malita 159, unkagulidwa pamtengo woposa $100. Pofika Januwale 2016 mtengowo udali utatsika mpaka kuchepera $30. Masiku amenewo, pa ndalama khumi zilizonse zolowa m'thumba la boma, pafupifupi zisanu ndi zinayi zinkachokera ku mafuta, chuma chomwe dzikolo lakhala likuyamwa chipezereni chitsime chake choyamba ku Dammam mu 1938. Mu Epulo 2016 Mohammed bin Salman adalengeza ndondomeko ya Vision 2030, yomwe cholinga chake chachikulu n'kusiyitsa dzikolo bere la mafuta lisadaume lokha.

Mizinda yatsopano idaikidwa patsogolo pa ndondomekoyi. Mu Okutobala 2017 kalongayo adalengeza za NEOM, dera lachitukuko m'chigawo cha Tabuk m'mphepete mwa nyanja ya Red Sea, lalikulu pafupifupi ngati dziko la Rwanda, ndipo adati lidzadya $500 biliyoni. Mu Januwale 2021 kudabwera The Line, ndipo mapulani ake atatuluka mu Julayi 2022 anthu adagwira pakamwa. Mzindawo udzakhala nyumba imodzi yotalika makilomita 170, mulifupi mamita 200, msinkhu mamita 500, kunja kwake kuli magalasi okhaokha. Mudzakhala anthu 9 miliyoni. Simudzakhala galimoto kapena msewu, magetsi onse adzachokera ku dzuwa ndi mphepo, sukulu, chipatala ndi msika zidzakhala pamtunda woyenda mphindi zisanu, ndipo makompyuta adzakhala akuwerenga mayendedwe a anthu usiku ndi usana kuti aziwakonzera zofuna zawo asadapemphe n'komwe.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi masamu. Mzinda umapindulitsa chifukwa umasonkhanitsa anthu pafupi: mmisiri ndi womulemba ntchito, wodwala ndi dokotala, wogula ndi wogulitsa. Mzera wautali umawamwaza. Akatswiri awiri a ku Complexity Science Hub mumzinda wa Vienna adawerengera mu 2023 kuti anthu awiri osankhidwa mwachisawawa mu The Line angatalikirane makilomita 57, pomwe malo omwewo atawaumba mozungulira, kuchokera pakati kufika kumalire pangakhale makilomita osakwana anayi. Eni pulani adalonjezanso kuti ulendo wochokera kunsonga ina kukafika ku inzake udzatenga mphindi 20. Kuti zitero, sitima iyenera kuthamanga makilomita oposa 500 pa ola, osaima pasiteshoni iliyonse. Sitima yosaima, anthu okhala pakati pa mzerawo adzakwerera pati?

Nyerere yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, ndi gwero la ndalama. Mwini NEOM ndi thumba la boma la Public Investment Fund, lomwe wapampando wake ndi kalonga yemweyo. Thumbali lidanenepa ndi ndalama zomwe boma lidapeza pogulitsa ena mwa masheya a kampani ya mafuta ya Saudi Aramco mu Disembala 2019, komanso ndi masheya ena a kampaniyo omwe boma lidasamutsira kumeneko mpaka kukwana 16 pa 100 alionse. Kunena mosapsatira, mzinda womwe akuti udzamasula dziko ku mafuta ukumangidwa ndi ndalama za mafuta, ndipo umakula kapena kufota potsatira mtengo wa mgolo. Amalonda akunja omwe ankayembekezeka kudzasenzako katunduyu sadabwere mwaunyinji monga boma linkafunira.

Ndipo mgolowo sudachite chifundo. Bungwe la IMF lidawerengera kuti boma la Saudi Arabia limafuna mtengo woposa $90 pa mgolo kuti bajeti yake ikwanire, koma miyezi yambiri ya 2025 mtengo unkasewera pakati pa $60 ndi $70. Aramco, yomwe mu 2024 idagawira eni masheya ake pafupifupi $124 biliyoni, idalengeza kuti mu 2025 igawa pafupifupi $85 biliyoni basi. Kumapeto kwa Sepitembala 2025 unduna wa zachuma udavomera kuti bajeti ya chakacho iperewera ndi mariyali 245 biliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri zomwe udayerekeza poyamba. N'zoona kuti boma layesetsa kupeza ndalama kwina. Msonkho wa VAT, womwe udayamba mu 2018 pa 5 peresenti, udakwezedwa kufika pa 15 peresenti mu 2020, ndipo pofika 2024 gawo la mafuta pa ndalama za boma lidatsika kufika cha m'ma 60 pa 100 alionse. Komabe mwana amene akupeza chakudya chake choposa theka kubere sadaleke kuyamwa.

Zotsatira zake zidayamba kuonekera msanga. Mu Disembala 2023 nduna ya zachuma, Mohammed al-Jadaan, idati ntchito zina zidzachedwetsedwa kupitirira 2030. Mu Epulo 2024 atolankhani a Bloomberg adaulula kuti pofika chaka chimenecho akuluakulu akuyembekeza kumaliza makilomita 2.4 okha a The Line, okhalamo anthu osakwana 300,000 mmalo mwa 1.5 miliyoni omwe adalonjezedwa. Mu Novembala chaka chomwecho mkulu wa NEOM, Nadhmi al-Nasr, adachoka paudindo. Chomwe chikuoneka bwino pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga ndi chingalande chachitali chokumbidwa mumchenga ndi misasa ya antchito.

Aka si koyamba. Mu 2005 Mfumu Abdullah idakhazikitsa King Abdullah Economic City kumpoto kwa Jeddah, mzinda womwe ankati mudzakhala anthu 2 miliyoni. Doko lake likugwira ntchito, koma patatha zaka zoposa khumi okhalamo adali masauzande ochepa chabe. Kwa anansi awo ku Abu Dhabi, Masdar City idayamba ndi lonjezo la mzinda wosatulutsa utsi ndi pang'ono pomwe, ndipo nayo idabweza moto. Phunziro lake ndi lakale: nyumba zimatheka kumangidwa ndi lamulo la mfumu, koma chowakokera anthu kumalo ndi ntchito, abale ndi msika.

Palinso anthu omwe adali kale pamalopo, pakuti chipululu cha Tabuk sichidali chopanda eni. A fuko la Howeitat adauzidwa kuti asamuke m'midzi yawo. Mmodzi mwa iwo, Abdul Rahim al-Huwaiti wa m'mudzi wa al-Khuraybah, adaika mavidiyo pa intaneti okana kusamuka, ndipo mu Epulo 2020 achitetezo adamuombera n'kumupha. Boma lidati iyeyo ndiye adayamba kuombera, koma omenyera ufulu wa anthu amatsutsa zimenezo. Mu Meyi 2023 akatswiri a bungwe la United Nations adadandaula poyera za amuna atatu a fukoli omwe adagamulidwa kuti aphedwe. Mbiri yotere imasintha kamvekedwe ka lonjezo la mzinda woona zonse. Makamera ndi makompyuta omwe angadziwe kuti nkhalamba yagwa m'bafa angadziwenso yemwe wachezera mnzake usiku, ndipo ili ndi dziko lomwe mu 2022 lidagamula Salma al-Shehab, wophunzira pa yunivesite ya Leeds, kukhala kundende zaka 34 chifukwa cha zomwe adalemba pa Twitter, ngakhale chilangocho chidachepetsedwa pambuyo pake.

Pomwe maso a dziko lapansi adali ku Tabuk, mavuto enieni a mizinda adali kukula ku Riyadh. Kalembera wa 2022 adapeza anthu 32.2 miliyoni m'dzikomo, ndipo pafupifupi 7 miliyoni mwa iwo ali mulikululi. Mzindawu udakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi katswiri wa ku Greece, Constantinos Doxiadis, potsata misewu ikuluikulu yopingasana, panthawi yomwe petulo ankagulidwa ngati waulere. Udatambasuka m'chipululu mopanda malire, moti kwa zaka zambiri munthu wopanda galimoto ankakhala ngati wopanda miyendo. Amayi, omwe sankaloledwa kuyendetsa mpaka Juni 2018, ndiwo ankaidziwa bwino ndende imeneyi. Madzi ambiri akumwa amachokera kunyanja ya Gulf, komwe amawachotsa mchere n'kuwapopa m'mapaipi mtunda wa makilomita oposa 400. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40 tsiku ndi tsiku, makina oziziritsira m'nyumba amameza magetsi ochuluka, ndipo dzikolo limatentha mafuta ake omwe kuti magetsiwo akwane. Mgolo uliwonse wopserera pamenepo ndi mgolo womwe sudagulitsidwe kunja.

Apa ndi pomwe pali ntchito yooneka ndi maso. Pa 1 Disembala 2024 sitima za mumzinda wa Riyadh zidayamba kunyamula anthu. Zili ndi njanji zisanu ndi imodzi zotalika makilomita 176 pamodzi, masiteshoni 85, ndipo zimayenda popanda woyendetsa. Makontilakiti ake, a ndalama zoposa $22 biliyoni, adasainidwa mu 2013, Vision 2030 isadabadwe, ndipo ntchitoyo idachedwa ndi zaka zingapo. Koma miyezi isanu ndi inayi isadathe, maulendo a okwera adali atakwana 100 miliyoni, pamtengo wa mariyali anayi pa tikiti ya maola awiri. Nzeru za makompyuta zili momwemo, zikutumikira anthu omwe alipo kale. Chitsanzo china, chachete kwambiri, ndi chigwa cha Wadi Hanifah chomwe chimadutsa kumadzulo kwa mzindawu. Chidali dzala lotayako zinyalala ndi madzi onyansa, koma adachikonza kuti madziwo aziyeretsedwa ndi zamoyo za m'madzi momwemo, n'kukhala malo omwe mabanja amakapumulako madzulo. Mu 2010 ntchitoyi idalandira mphoto ya Aga Khan ya zomangamanga. Palibe galasi ndi limodzi lomwe.

Nkhani ya lendi nayo idabadwa ndi mfundo za boma lomwelo. Mu 2021 kalongayo adati akufuna kuti anthu a mu Riyadh afike 15 miliyoni kapena kuposa pofika 2030. Kuyambira Januwale 2024, kampani yakunja yomwe ilibe likulu lake la chigawochi m'dzikomo siipatsidwa ntchito za boma, kupatula pa zifukwa zapadera. Makampani adasamukira ku Riyadh ndi antchito awo, achinyamata a m'dzikomo nawo adatsatira, koma nyumba sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Eni malo ambiri ankangosunga mapuloti osamangapo, kudikira kuti mitengo ikwere. Boma lidakweza msonkho wa malo ogonerawa mpaka kufika 10 peresenti ya mtengo wake pachaka, kenako lidamanga lendi. Kumanga lendi kumapumitsa wobwereka lero, koma sikuwonjezera chipinda ngakhale chimodzi, ndipo kungafooketse omwe akadamanga nyumba zobwereketsa. Mankhwala enieni ndi nyumba zambiri zotsika mtengo pafupi ndi masiteshoni 85 aja.

Ku Jeddah chithunzi n'choipirapo. Mu Novembala 2009 madzi osefukira adapha anthu oposa 100 mumzinda womwe udalibe ngalande zokwanira, ndipo mu Novembala 2022 misewu idasandukanso mitsinje. Kuyambira kumapeto kwa 2021 boma lidagwetsa madera oposa 60 a anthu osauka ponena kuti adamangidwa mosatsata mapulani ndipo ndi mapanga a umbanda. Ambiri mwa okhalamo adali ochokera kumaiko a mu Africa ndi Asia, ena obadwira momwemo. Bungwe la Amnesty International lidati chipukutamisozi chidakonzedwera nzika zokha. Alendo ndi oposa anayi mwa anthu khumi alionse m'dzikomo, ndipo ndiwo amasenza simenti padzuwa, koma pa zithunzi za mizinda yam'tsogolo nyumba zawo sizioneka.

Si zonse za NEOM zomwe zili maloto. Fakitale ya $8.4 biliyoni yopanga mpweya wa hydrogen ndi mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, yomwe NEOM ikumanga pamodzi ndi makampani a ACWA Power ndi Air Products, ili ndi wogula kale, ndipo n'chifukwa chake mabanki adaikongoza ndalama. Kusiyana kwake ndi The Line kuli pomwepo: iyo ili ndi msika.

Chomwe chidzagamule mlandu wonsewu ndi kalendala. Riyadh idzalandira chionetsero cha Expo mu 2030, ndipo dzikolo lidzachititsa mpikisano wa mpira wa World Cup mu 2034. Masiku amenewa sasunthika monga asunthikira a The Line, choncho mabwalo a masewero, mahotela, bwalo la ndege latsopano ndi njanji zowonjezera ndizo zidzayambe kudya m'mbale yomwe yachepa kale. Pa mabwalo 15 omwe Saudi Arabia idalonjeza bungwe la FIFA, asanu ndi atatu ali ku Riyadh. Limodzi lili ku NEOM, ndipo mapulani akuti lidzakhala mamita 350 kuchokera pansi, m'kati mwa khoma lomwe mpaka pano silidadzuke.