Pa 31 Okutobala tidzamuveka chiyani mwana?



Mwezi wa Kolona ukupita kumapeto. Pa mafoni athu payamba kale kuoneka zithunzi za ana aang'ono a maiko a kunja, ndi ena a m'mizinda yathu yomwe ino, atavala zigoba za afiti ndi malaya ojambulidwa mafupa, ena atapakidwa utoto wofiira kukamwa ngati angomwa magazi. Ichi ndi chikondwerero chotchedwa Halloween, chimene chimachitika usiku wa pa 31 Okutobala. Kale tinkachiona m'mafilimu mokha. Lero chatiyandikira, moti ngakhale pa mulu wa kaunjika pa msika wa Nkando, mayi wosankhira mwana wake kamalaya angathe kutola kojambulidwa chigaza kapena dzungu la mano akuthwa, osadziwa kuti kachokera ku mwambo wanji.

Ambiri a ife achinyamata ndife makolo kale. Ena ndife amalume, azakhali kapena achemwali a kamwana ka zaka ziwiri kapena zitatu kamene kamatitsata paliponse ndi kutengera chilichonse chimene tichita. Tsono funso la sabata ino ndi lathu: kodi mwana wotere tichite naye chiyani pa usiku umenewu? Maganizo anga ndi akuti tisangalale naye ndithu, pakuti tsikuli ndi lathu ife Akatolika, koma tisamuveke mantha. Timuveke chiyembekezo.

Poyamba tidziwe kumene tsikuli linachokera, chifukwa ambiri amalikonda kapena kulida asanalidziwe. Dzina loti Halloween ndi chidule cha mawu akale a Chingerezi otanthauza madzulo otsogolera Chaka cha Oyera Onse. Monga momwe timachitira pa 24 Disembala, Akhristu akale ankayamba chaka chachikulu madzulo a tsiku lotsogolera. Papa Gregori wachitatu, amene anatsogolera Eklezia kuyambira mu 731 mpaka mu 741, anapatula kachisi wina m'tchalitchi la Petro Woyera ku Roma kuti akhale wolemekezeramo oyera onse. Pofika m'zaka za m'ma 800, tsiku la 1 Novembala linali litafalikira m'maiko ambiri a ku Ulaya ngati Chaka cha Oyera Onse. Pambuyo pake Odilo Woyera, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, analamula kuti pa 2 Novembala amonke ake azipempherera akhristu onse omwalira, ndipo mwambowo unafalikira mu Eklezia yonse. Choncho masiku atatu awa ndi amodzi: madzulo okonzekera, tsiku la amene afika kale kwa Mulungu, ndi tsiku la amene akuyeretsedwa ku Purigatorio.

Nanga zigoba ndi maungu zinabwera bwanji? Anthu a ku Ireland ndi ku Scotland anali ndi miyambo yawo ya pa nyengo imeneyi, pamene kwawoko zokolola zatha ndipo kuzizira ndi mdima zikuyamba. Atasamukira ku America mwaunyinji m'zaka za m'ma 1800, anapita nayo miyamboyo. Kumeneko inasakanikirana ndi malonda a maswiti, zovala ndi mafilimu oopsa, mpaka oyera aja anaiwalika, kutsala mizukwa yokha. Ngakhale dzungu lija ndi la nyengo yawo. Kwawo Okutobala ndi nthawi yokolola maungu. Kwathu kuno ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo, pamene tikumaliza mizere ndi kuyang'ana kumwamba kudikira mvula, nthanga za maungu zili chisungire kuti tidzabzale. Munthu wogoba dzungu n'kuyatsamo kandulo m'mwezi uno, pamene m'nyumba zambiri ufa wayamba kuchepa, agogo angamufunse ngati mutu wake ukuyenda bwino.

Wina adzati: “Komatu ndi masewera chabe. Mwana aoneke bwino, timujambule, anzathu aone.” Ndikumva, ndipo sindikunena kuti kholo la ku London kapena ku Johannesburg loveka mwana wake chipewa cha mfiti likupembedza Satana. Ambiri a iwo sakhulupirira n'komwe kuti mfiti iliko. Kwa iwo ndi nthano yosekedwa. Koma ife tikukhala ku Mulanje, ndipo kuno mawu amenewa ali ndi magazi enieni.

Tikumbukire chaka cha 2017. Mu Seputembala ndi Okutobala wa chaka chimenecho, mphekesera ya anamapopa inabuka kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata ankatseka misewu ndi kuimitsa magalimoto, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Palibe wopopa magazi ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi umboni. Amene anapezeka ndi amasiye. Tikumbukirenso za ku Neno mu Januwale 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi atanamiziridwa ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la dziko lino, lokhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe mpaka lero agogo amathamangitsidwa m'midzi, ndipo ngakhale ana amanenedwa kuti amatamba usiku. Chovala cha munthu womwa magazi chimene achinyamata a kunja amasekerera, kwathu dzina lake ndi namapopa. M'dera lotere, chithunzi cha mwana wako atavala ngati mfiti chikayenda pa WhatsApp, wadziwa bwanji kuti chikafika m'manja mwa yani, ndipo chikakumbukiridwa liti? Chakomera mnzako kutali sichiyenera kukukomera iwenso.

Chachiwiri ndi mwana mwiniyo. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu sanadziwe bwino malire a zenizeni ndi zongoyerekeza. Bambo ake akavala chigoba, kwa iye bamboyo wasowa ndipo pabwera chinthu china. Ife timaseka akamathawa n'kukabisala ku chitenje cha mayi ake, koma iye sakuseka. Usiku amadzidzimuka, amakana kutuluka panja, amakodza pamphasa, ndipo ife timadabwa kuti chamugwira n'chiyani. Chisangalalo chimenecho ndi cha akuluakulu, mwanayo wangolipira.

Komabe tisafulumire kuloza chala kwa azungu, pakuti pano pali chotiweruza. Halloween imabwera kamodzi pa chaka, pamene ife timaopseza ana tsiku ndi tsiku. “Ukalira ndikuitanira chilombo.” “Gona msanga, afisi ali pakhomo.” “Usapite kwa agogo awo, amawuluka usiku.” “Ukavuta ndikakupereka kwa adokotala akakubaye.” Mawu awa timawanena titatopa, tikufuna mwana atonthole. Amatontholadi, koma mbewu yagwera m'nthaka. Mwana amene anakula akumva kuti agogo a kuseri amatamba, ndiye mnyamata amene adzatole mwala mphekesera ikadzabwera. Anyamata amene anatseka misewu mu 2017 nawonso anali makanda tsiku lina, ndipo wina anawaphunzitsa choti aziopa. M'mera mpoyamba. Pa Mateyo 18:6 Ambuye anachenjeza mwamphamvu aliyense wochimwitsa mmodzi wa ang'onoang'ono owakhulupirira, mpaka anatchula za mphero yomangidwa m'khosi. Kuphunzitsa mwana kuopa mnansi wake koposa kukhulupirira Mulungu sikuli kutali ndi tchimo limenelo.

Ena mwa ife amathawira mbali ina. Amati tsikuli ndi la ziwanda, choncho tseka chitseko, bisa mwana, usatchule n'komwe dzina lake. Amenewanso akumupatsa mwana mantha omwewo, angowaveka malaya a mapemphero. Palibe tsiku pa kalendala limene lili la mdyerekezi. Masiku onse analengedwa ndi Mulungu, ndipo Khristu anagonjetsa imfa. Tikalisiya tsikuli ngati la mdima, tapereka mphatso yathu kwa amalonda ndi kwa oopseza anzawo.

Tsono tichite chiyani? Tibwezere madzulowa kwa eni ake. Ku Paris, kuyambira mu 2002, achinyamata Achikatolika anayamba kukondwerera usikuwu mwa dzina loti Holywins, kutanthauza kuti kuyera ndiko kumapambana, ndipo m'maiko angapo ana amavala ngati oyera m'malo mwa mizukwa. Ife sitisowa kuitanitsa kanthu kuchokera kunja. Chitenje cha buluu pamutu, kamtsikana kasanduka Amayi Maria. Kandodo m'manja ndi nsalu paphewa, kamnyamata ndi Yosefe Woyera. Nsalu yofiira ndi tsamba la kanjedza, tapeza Kizito Woyera, wamng'ono pa Amaritiri onse a ku Uganda, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886 ali ndi zaka pafupifupi 14. Mwana amakonda kuvala, kuimba, kuomba m'manja ndi kulandira kanthu kotsekemera. Zonsezi tingampatse popanda chigoba chobisa nkhope. Kagawo ka nanazi, nthochi kapena chitumbuwa chikwanira. Achinyamata a m'mphakati angasonkhanitse ana dzuwa lisanalowe, atatu kapena khumi, n'kutchula dzina la nkhoswe ya ubatizo ya mwana aliyense, onse n'kuyankha kuti awapempherere. Mwana wa zaka ziwiri sangamve ulaliki, koma dzina lake likatchulidwa pamodzi ndi la woyera, amamwetulira, ndipo chimenecho n'chiyambi cha katekisimu.

Kwa ife akuluakulu, pali mmodzi amene ndikufuna timudziwe bwino chaka chino: Wodala Benedict Daswa wa ku South Africa. Anali mphunzitsi wamkulu, katekisiti ndi bambo wa ana asanu ndi atatu. Mphenzi zitatentha nyumba m'mudzi wa kwawo, anthu anagwirizana zosonkha ndalama zokaitanira sing'anga kuti aloze mfiti. Iye anakana kupereka, nanena kuti mphenzi ndi chilengedwe ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kuika munthu wosalakwa pa imfa. Pa 2 Febuluwale 1990 anamubisalira panjira n'kumupha. Eklezia inamutcha Wodala pa 13 Seputembala 2015. Uyu si woyera wa m'zithunzi zakale za ku Ulaya. Ndi munthu wonga aphunzitsi athu, amene anakumana ndi mantha omwe timawadziwa kuno, nawakana. Ngati tikufuna kuti mwana wathu adzakhale wolimba mtima chotero, tiyambe lero kusankha nkhani zimene timamuuza pogona.

Patsala nkhani ya pa 2 Novembala. Mwambo wathu sulola ana aang'ono kupita ku manda, ndipo sindikuti tikangane ndi mafumu ndi makolo athu pa zimenezi. Akuluakulu ndi achinyamata tipite, tikalambule, tikapemphere, monga Eklezia imalimbikitsira kuyambira pa 1 mpaka pa 8 Novembala. Koma mwana wotsala kunyumba asatsale opanda kanthu. Madzulo muyatse kandulo, muiike patali pamene sangaifikire, mumuonetse chithunzi cha agogo ake omwalira ngati chilipo, mumuuze dzina lawo, mumuuzenso kuti ankakonda chiyani. Mumugwire dzanja achite chizindikiro cha mtanda. Akafunsa kuti ali kuti, musanene kuti anapita ku Joni kapena kuti akugona, chifukwa adzawadikira kapena adzaopa tulo. Muuzeni mwachidule kuti anamwalira, kuti ali m'manja mwa Mulungu, ndi kuti timawapempherera chifukwa timawakonda. Apa pali kusiyana konse. Chigoba chimaphunzitsa mwana kuti akufa ndi zinthu zotithamangitsa. Kandulo imamuphunzitsa kuti akufa ndi abale athu.

Izi n'zofunika koposa kwa ife a kuno. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kudzaza mitsinje, ndipo anthu oposa 1,000 m'dziko muno anafa kapena kusowa, ambiri a iwo a kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Pali mabanja amene alibe manda oti akalambule, chifukwa matupi a okondedwa awo sanapezeke. Pali ana amene akukula osadziwa nkhope za amene anawabereka kapena amene akanawalera. Ana amenewa imfa aidziwa kale. Sasowa kuti tiwavekenso mafupa. Chimene akusowa ndi munthu wowauza kuti amene anatengedwa ndi madzi Mulungu sanawataye, ndi kuti m'khamu losawerengeka lija la m'mutu 7 wa Chivumbulutso, limene timamva pa Misa ya Oyera Onse, muli malo a anthu a fuko lililonse ndi chilankhulo chilichonse, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao omwe.

Choncho sabata ino ndikupempha zinthu zitatu. Mufufuze mbiri ya nkhoswe ya ubatizo ya mwana wa m'nyumba mwanu, ndipo mumuuze m'mawu amene angamve. Mulembe maina a omwalira a pabanja panu, muwapereke ku tchalitchi kuti akumbukiridwe pa Nsembe ya Misa m'mwezi wa Novembala. Ndipo muyese kutha sabata yathunthu osaopseza mwana ndi chilombo, mfiti kapena jakisoni. Chachitatuchi ndicho chovuta, ndipo ndicho chimene chidzasinthe mudzi.

Tipemphere. Ambuye Yesu, munaitana ana kuti abwere kwa Inu ndipo munawafungatira. Chotsani mantha m'nyumba zathu, tetezani okalamba athu ku malilime onama, landirani abale athu omwalira m'kuwala kwanu, ndipo mutithandize kulera ana athu m'chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Oyera onse a Mulungu, mutipempherere. Amen.

Ambuye akudalitseni nonse, ndipo tionane pa Misa.