Sikelo ya ululu wa nyamakazi iyambe yayesedwa

Aliyense wothyola tiyi m'minda ya ku Mulanje amadziwa kuti sikelo yonama imadya thukuta la munthu. N'chifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a amalonda. Kuchipatala nakonso kuli sikelo ina yofunika kuyesedwa: pepala la mafunso loyezera ululu wa odwala nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno.

Nthendayi imadza kamnofu koterera kokuta nsonga za mafupa kakaperepeseka. Makina a X-ray amaonetsa fupa, koma saonetsa ululu. Paja akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Choncho madokotala amafunsa wodwala mafunso okonzedwa kale, n'kuwonkhetsa mayankho kuti aone ngati thandizo likugwira ntchito.

Vuto n'lakuti mafunso ambiri otere adakonzedwa kunja. Ena otchuka, otchedwa WOMAC, adakonzedwa ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Alipo 24, ndipo mwa zina amafunsa ngati munthu akuvutika kukwera masitepe, kuvala sokosi, kulowa m'galimoto kapena kutuluka m'bafa lachizungu.

Nanga agogo a ku Limbuli kapena ku Chinakanaka ayankha chiyani? Iwo chimawasautsa n'kunjuta kuchimbudzi chokumba, kudzuka pamphasa, kugwada potsira ndiwo mchere, kuwerama ndi khasu, kukwera kabaza ndi kutsetsereka phiri atasenza nkhuni. Pepala losafunsa zimenezi lingathe kunena kuti ali bwino pomwe akulephera kupita kudimba.

Kumasulira mafunso m'Chichewa kokha sikukwanira. Akatswiri amati sikelo yotere ipambane mayeso atatu. Choyamba, iyeze chenicheni chomwe ikuti ikuyeza. Chachiwiri, munthu akafunsidwanso patapita masiku ochepa matenda asanasinthe, zotsatira zifanane. Chachitatu, wodwala akayamba kupeza bwino kapena akafooka, manambala asinthe.

Ntchitoyi n'njotheka m'dziko muno. M'chaka cha 2017, Dr Linda Chokotho ndi anzake adafalitsa mu Malawi Medical Journal kafukufuku woyesa mafunso a EQ-5D a m'Chichewa pakati pa anthu ovulala mafupa. Mafunsowa amakhudza zinthu zisanu: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu komanso nkhawa. Koma wothyoka mwendo amasiyana ndi wodwala nyamakazi wa zaka zambiri.

Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ndi unduna wa zaumoyo achite chimodzimodzi ndi mafunso a nyamakazi. Akawayese kumidzi ngati ya ku Mulanje, pakati pa okalamba osatha kuwerenga ndi ena ozolowera Chilhomwe.

Mabanja nawo ali ndi mbali yawo. Woperekeza agogo kuchipatala asamawayankhire. Nawonso agogo asamabise ululu poti ndi ukalamba chabe, kapena poopa kuoneka odandaula. Yankho lonama limasokeretsa dokotala, ndipo wovutika amakhala mwini bondo.