Chikhristu chathu chikuthera pakhomo la tchalitchi

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa Amalawi 100 alionse, oposa 75 amadzitcha Akhristu. Ngati zili choncho, ndani amabera alimi pa sikelo nthawi yogula chimanga ndi soya? Ndani anasolola mabiliyoni a kwacha ku Capital Hill m'chaka cha 2013, pa nkhani ija ya Cashgate, kwinaku zipatala zikusowa mankhwala? Sizingatheke kuti onsewo ndi anthu osapemphera. Ambiri ndife tomwe, oimba kwaya, opereka chakhumi, ochezera kuphiri usiku wonse tikusala kudya.

Ndikunena mosapsatira kuti tasinthanitsa kumvera Mulungu ndi zochitika za mumpingo. Vutoli ndi lakale. Mfumu Sauli atatumidwa kwa Aamaleki, anasunga nkhosa ndi ng'ombe zonenepa, ndipo Samueli atamufunsa za kulira kwa ziwetozo, iye anati zinali zokaperekera nsembe. Ufumu unamuchokera chifukwa cha zimenezo. Lero Sauli ndi mlembi wa mu ofesi amene amakhalira fayilo ya mayi wamasiye miyezi itatu, kudikira ya fanta, Lamulungu n'kukaponya gawo la ndalamayo m'mbale ya chopereka. Ndi wogulitsa pamsika amene watifula pansi pa chigoba kuti ufa uzilowa wochepa, wailesi ili pambali ikuimba nyimbo zauzimu. Mulungu salandira chiphuphu, ndipo chopereka chotere sichifafaniza misozi ya mayi uja.

Ena adzati tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ntchito. Zoona, ndipo palibe angagule kumwamba ndi sikelo yolungama. Koma chisomo chitalowa m'nyumba ya Zakeyu, munthuyo analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda. Ngati chisomo chathu sichikhudza thumba, tiyenera kudzifunsa ngati chinalowadi. Ena adzati moyo wadula: mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, malipiro sakufika pakati pa mwezi, munthu atani? Madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo olemba anthu ntchito amene amalipira zosakwana nawonso sakumvera Mulungu. Komabe amene timamudyera ndi wosauka kuposa ife, mlimi amene wayenda ndi thumba panjinga kuchoka kumudzi m'mbandakucha. Ndipo a Cashgate sanabe chifukwa cha njala.

Atsogoleri a mipingo ali ndi mlandu pano. Maulaliki ambiri akunena za madalitso, maviza ndi kutsekula makomo, pamene za kubweza ngongole, kulipira wantchito wapakhomo pa tsiku lake ndi kunena zoona kukhoti sizimveka. Mu 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, akudziwa kuti moyo wawo uli pachiswe. Mbusa wa lero akuopa ngakhale kufunsa mkulu wa mpingo komwe anatenga ndalama yogulira malata a tchalitchi.