Zipsera za Ziphuphu: M'mera Mpoyamba

Poyendera mipingo kuno ku Domwe timakumana ndi anyamata ndi atsikana amene asiya kuimba kwaya, ena amakhala kumbuyo ali chiweramire, chifukwa cha zipsera zimene ziphuphu zawasiyira kumaso. Akuluakulu timangoti zidzatha akadzakula. Ziphuphu zimathadi, koma zipsera zina zimatsala moyo wonse.

Ziphuphu zimabuka mwana akamatha msinkhu. Khungu limatulutsa mafuta ochuluka, timabowo take timatsekeka, ndipo tizilombo timaswana m'menemo n'kutupitsa malowo. Si chizindikiro cha uve kapena cha chiwerewere, monga ena amanenera. Chiphuphu chikazama, kapena mwini wake akamachifinya ndi zikhadabo, khungu limawonongeka ndipo chipsera chimatsala.

Zipserazi zili mitundu itatu. Pali madontho akuda, amene amazimiririka okha pakapita miyezi 6 mpaka 12, nthawi zina kupitirira apo. Dzuwa limawadetsa kwambiri, choncho chipewa chimathandiza popita kumunda. Pali zipsera zotukuka ndi zolimba zimene achipatala amazitcha keloid, zopezeka kwambiri pachifuwa, kumsana ndi m'nsagwada. Izi dokotala amazibaya jakisoni wa triamcinolone kangapo kuti ziphwe. Kungozidula kumachititsa kuti zimerenso, kawirikawiri zokulirapo. Palinso timaenje, timene sititha ndi mafuta odzola alionse. Timachepetsedwa ndi makina a laser kapena tisingano tapadera kwa madokotala a khungu m'mizinda ikuluikulu, ndipo ngakhale mtengo wake ndi wokwera, khungu silibwerera mwakale kwenikweni.

N'chifukwa chake tikuti m'mera mpoyamba. Mwana akakhala ndi ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, tipite naye kuchipatala chathu cha ku Domwe kapena chachikulu cha ku Ulongwe zipsera zisanayambe. Mankhwala odzola a benzoyl peroxide ndi mapiritsi a doxycycline amathandiza, koma pamapita masabata 6 mpaka 8 munthu asanaone kusintha, ndiye asagwe ulesi. Mayi woyembekezera auze achipatala poyambirira, pakuti doxycycline samuyenera, ndipo isotretinoin, amene amaperekedwa pa ziphuphu zovuta, amapundula mwana m'mimba.

Tichenjere ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika. Ambiri mwa iwo ali ndi betamethasone kapena clobetasol. Masabata oyamba nkhope imasalala, kenako khungu limapyapyala ndipo ziphuphu zimabweranso zochuluka kuposa kale. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa; dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola mu 1990. Mandimu, phulusa ndi mankhwala otsukira mano nazonso zimangowotcha khungu n'kuwonjezera madontho. Kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wosakalipa, mosakhula, n'kokwanira.

Makolo, alangizi ndi atsogoleri a achinyamata, tisalole kuti ana athu apatsidwe mayina achipongwe chifukwa cha nkhope zawo, pakuti chitonzo n'chimene chimawathamangitsira kwa ogulitsa mafutawa. Tikagulitsa mbatata ya kachewere kapena chimanga, tipatuleko ndalama yoyendera kuchipatala. Ndipo amene anasiya kwaya, timuyendere kwawo sabata ino ndi kumuitana kuti abwerere.